Za dzulo zija: funso la achemwali athu ndi mmene timayankhirana

aChisale (woyang'anira gulu), 06:42
Mwadzuka bwanji nonse. Nkhani ya dzulo yandisowetsa tulo, ndiye ndati ndiitule pano tisanabalalike ku ntchito. Kwa amene kunalibe: achemwali athu a Nasibeko, omwe ayamba kuphunzira Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, miyezi iwiri yapitayi, anajambula sikirini ya laputopu ndi foni n'kutumiza, ndi mawu akuti "pulogalamu yanga ikukana, ndithandizeni." Woyamba kuyankha anati akafunse Google. Wachiwiri anati munthu wolephera kuwerenga error (uthenga wa kompyuta wonena chimene chalakwika) ndi bwino asiyiretu za code akayambe zina. Ena munaika tizithunzi toseka. Pomakwana 9 koloko usiku, achemwaliwo anali atatuluka m'gulu. Aka si koyamba chaka chino. Sindikuzenga mlandu wa munthu, koma kukhala chete ngati palibe chachitika ndiye ayi. Tiyeni tikambirane.

aMbewe, 06:58
Wachiwiriyo ndine, sindibisala. Ndipo ndinene chilungamo, sindikuona cholakwa chachikulu. Chithunzi chinali chosaoneka bwino, kuwala kwa pazenera kwaphimba theka la sikirini, code osaika, mtundu wa Python osatchula, zimene ayesa kale osanena. Ine ndinali nditangoweruka, ndili m'takisi kuchokera ku Sandton, mutu uli waa. Ndiyambe kulosera? Pa ntchito kuno palibe amene amakugwira dzanja. Ukabwera ndi funso lotero amakubweza, ndipo ukabwezedwa kawiri umaphunzira kufunsa. Ineyo anandiphunzitsa motero, ndipo ndimawathokoza mpaka lero.

NaPhiri, 07:10
A Mbewe, ine chithunzicho ndinachikulitsa usiku womwewo ana atagona. N'zoona sichinkaoneka bwino, koma mzere womaliza unkawerengeka: module 'random' has no attribute 'randint'. Ndipo pamwamba pa sikirini dzina la fayilo linali random.py. Vuto lonse linali pamenepo. Mwanayu ankalemba kamasewera kolosera nambala, fayilo yake n'kuitcha random.py. Python ikaona import random imayamba kuyang'ana mu foda momwe muli pulogalamu imene ukuyendetsa, ndiye inapeza fayilo yake yomweyo m'malo mwa random weniweni wa Python, momwe muli randint yosankha nambala mwachisawawa. Code yake ikhoza kukhala yolondola mzere uliwonse, koma singayende.

Tsono tandiuzani, munthu wa miyezi iwiri akanalemba chiyani pa Google? Akanawerenga buku la Python lonse, buku likanamuuza kuti randint ilipo. Ndiye iye akuona kompyuta ikuti palibe, buku likuti ilipo, achikulire akuti ndiwe wopepera. Ngakhale amene amakonza Python anaona kuti msampha umenewu umakola anthu ambiri, n'chifukwa chake mu Python 3.13, yomwe inatuluka mu Okutobala 2024, uthengawo anausintha kuti uzikuuza kuti usinthe dzina la fayilo yako. Eni ake anasintha uthenga, sanati ophunzira asiye code.

aZimba, 07:14
Ndikuvomereza, tizithunzi toseka tija tina tinali tanga. Ndinaseka chithunzi chojambula ndi foni, sindinaganize kuti mwini wake aona ngati ndikuseka iye. Ndalakwa.

aGondwe, 07:19
Za kujambula ndi fonizi tisamathamangire kuseka. Ambiri laputopu ilibe intaneti, bandulo ili pa foni basi, ndipo ya WhatsApp yokha. Kunena kuti "kafunseni Google" kwa munthu amene ali ndi bandulo ya WhatsApp yokha ndi kumutuma kumsika opanda ndalama.

aMbewe, 07:31
Za random.py ndavomera, sindinaone, ndipo a NaPhiri mwachita bwino. Koma mfundo yanga ikadalipo. Tayang'anani Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makompyuta. Linus Torvalds anayamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndipo lero mafoni onse a Android amene mukundiyankhirapowa ali pa ntchito yake, pamodzi ndi maseva ochuluka a padziko. Munthu ameneyu sanyengerera. Ali ndi lamulo loti kusintha kulikonse mu kernel, mtima wa Linux, kusaononge mapulogalamu amene anthu akugwiritsa kale ntchito, ndipo wophwanya lamulo limeneli amamukalipira poyera, kaya ndi katswiri wa zaka zingati. Mukuganiza kuti akanakhala wa "pepani bambo, mwina tingaganizirenso", chinthucho chikanalimba chonchi? Ukali umateteza ntchito.

aKamanga, 07:55
Moni kuchokera ku Leeds, kuno kukadali mdima. Achimwene a Mbewe, nkhani ya Torvalds mwaidula pakati. Ndimalizitse.

Pa 16 Seputembala 2018, mu uthenga womwe ankalengezeramo version yoyesera ya Linux, 4.19-rc4, Torvalds yemweyo anapepesa. Anati kulalatira anthu kumene ankachita m'maimelo kunali kosayenera, makamaka pamene ankasiya code n'kuyamba kunena munthu. Anati akupita kukapuma kaye kuti akapeze thandizo la mmene angamvetsere anzake. Greg Kroah-Hartman, mmodzi wa osamalira kernel, ndiye anagwirizira mpaka 4.19 inatuluka, ndipo Torvalds anabwerera mu Okutobala. Nthawi yomweyo Linux inalandira malamulo atsopano a kakhalidwe, otengedwa ku Contributor Covenant. Zisanafike apo, Sage Sharp, yemwe ankasamalira code ya USB 3.0 mu kernel, anali atadandaula poyera za kutukwanaku mu 2013, ndipo mu 2015 analengeza kuti wasiya. Ameneyu sanali wophunzira wolephera kuwerenga error. Anali mmisiri weniweni, ndipo Linux inamutaya chifukwa cha pakamwa.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti lamulo lija loti tisaononge za anthu likadalipo, ndipo Torvalds akukanabe code yoipa mosapita m'mbali. Kernel sinagwe. Ndiye chimene chinkateteza ntchito chinali kukana code yoipa, osati kutukwana. Ziwirizi ife timazisakaniza chifukwa zinkatuluka m'kamwa mwa munthu mmodzi.

aChisale (woyang'anira gulu), 08:03
Ndipo kupepesa Torvalds anayamba kale. Mu Januwale 1992 Andrew Tanenbaum, pulofesa wa ku Amsterdam amene analemba MINIX, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yophunzitsira ophunzira, ananena kuti Linux ndi yachikale kale pa kamangidwe kake, mpaka kumuuza kuti akanakhala wophunzira wake sakanapeza malikisi abwino. Torvalds anayankha mopsa mtima, koma pasanapite nthawi analemba wina wopepesa chifukwa cha mawuwo, mfundo zake osazisiya. Anali mnyamata wa zaka 22. Mtsutso wawo wa microkernel ndi monolithic kernel, njira ziwiri zomangira kernel, anthu akuuwerengabe chifukwa mkati mwake munali mfundo zenizeni.

aMbewe, 08:09
Chabwino. Koma inu mukukamba za woyankha yekha. Nanga wofunsa alibe udindo? Tonse pano timayankha mwaulere. Palibe amandilipira.

NaPhiri, 08:20
Udindo ali nawo, ndipo ine ana anga a Fomu 3 ndimawauza: nena chimene umafuna kuti chichitike, nena chimene chachitika, kopera error yonse, nena zimene wayesa. Koma ndimachita kuwaphunzitsa zimenezi, a Mbewe. Palibe amabadwa akudziwa kufunsa funso la code. Dzulo chiganizo chimodzi chikanakwana: "Achemwali, chithunzi sichikuoneka, lembani error yonse ndi dzina la fayilo." Mawu ake ndi ochepa kuposa amene munalemba. Ngati munatopa, kusayankha kunalinso kotheka, wina akanayankha.

Kwathu timati safunsa anadya phula. Mwambi umenewu timauza ana kuti azifunsa. Ndiye akafunsa n'kulandira mwano, tawaphunzitsa kuti phula lomwelo ndi labwinoko.

Nangozo, 08:34
Ine ndili m'gulu muno chaka chathunthu koma aka n'koyamba kulemba. Ndili ndi mafunso ambiri, koma ndimafunsa kumbali kwa munthu mmodzi amene ndimamudziwa. Tilipo angapo atsikana amene timatero. Chifukwa chake ndi ngati chadzulochi. Chizungu cha ma error ndi chovuta, mawu ngati attribute kapena instance sitinawaphunzire kusukulu ndi tanthauzo limeneli. Ndinalowa muno chifukwa ndinamva kuti anthu amafotokoza m'Chichewa. Ndikanafuna kunyozedwa m'Chizungu malo ake ndi ambiri.

aKamanga, 08:41
Achemwali a Nangozo, zikomo polimba mtima. Zimene mwanenazi si za ife tokha. Stack Overflow, webusayiti ya mafunso ndi mayankho a code, yomwe inayamba mu 2008 ndipo pafupifupi aliyense wolemba code anathandizidwapo nayo, mu Epulo 2018 eni ake anavomera poyera kuti malowo salandira bwino anthu, makamaka oyamba kumene ndi amayi. Choipa cha kufunsa kumbali n'chakuti yankho limathera kwa munthu mmodzi. Funso la random.py likanayankhidwa muno, onse amene mumawerenga mwakachetechete mukanaphunzira.

aGondwe, 09:02
Ndiloleni nditembenuze nkhaniyi pang'ono, chifukwa tikangomuunjirira a Mbewe tiphonya china. Gulu lino lili ndi matenda ena osiyana ndi mwano, ndipo ndi ulemu wopitirira. Bambo Chisale, pepani ndikutchulani. Mwezi watha munaika code ya PHP (chiyankhulo cholembera mawebusayiti) ya fomu yolowera, momwe dzina ndi pasiwedi zimene munthu walemba mumazilumikiza mwachindunji mu SQL, malamulo opita kumene deta imasungidwa. Ine ndinaona kuti pali SQL injection, bowo loti wakuba angalowetsere malamulo ake kudzera pa fomuyo. Ndikukhulupirira kuti enanso anaona. Tonse tinakhala chete, ena tinaika chala chovomereza, chifukwa ndinu wamkulu ndiponso ndinu amene munatisonkhanitsa. Amene analankhula ndi a Mbewe okha. Anati code imeneyi isapite pa seva, gwiritsani prepared statements, njira yotsekera bowo limeneli. Akanapanda kutero, lero ma pasiwedi a anthu akanakhala pa mbalambanda.

Ndiye ine mantha anga ndi akuti tikamaliza zokambiranazi, aliyense aziopa kunena kuti code yalakwika. Tinaleredwa kuti wamkulu sawuzidwa pagulu. Pa maliro ndi pa ukwati zimenezo n'zabwino. Koma kompyuta sidziwa imvi.

aChisale (woyang'anira gulu), 09:11
A Gondwe, mwanena zoona ndipo musapepese. Tsiku lija ndinachita manyazi, koma ndinakonza usiku womwewo, ndipo a Mbewe ndinawathokoza kumbali pamene ndinayenera kuwathokoza pano. Ndikuwathokoza tsopano. Koma taonani zimene analemba tsiku lija. Anati code isapite pa seva, anatchula vuto, anatchula mankhwala. Sananene kuti ine ndisiye ntchito ndikalime fodya. Kwa ine anadzudzula code. Kwa a Nasibeko anaweruza munthu, code osaiona n'komwe. Munthu ndi yemweyo, luso ndi lomwelo. Funso langa n'lakuti bwanji wamkulu analandira chidzudzulo chothandiza, wamng'ono n'kulandira chipongwe?

aMbewe, 09:15
Funso limenelo landilasa. Ndiliganizira.

aZimba, 09:28
Pamene a Mbewe akuganiza, ine ndifunse. Nanga mikangano ija yosatha, ya tab ndi space poyambira mzere wa code, ya PHP yafa kapena sinafe, ya mapulogalamu olembera code, Vim ndi VS Code? Ija ya mwezi wa Juni inatenga masiku atatu ndipo anthu awiri sakulankhulana mpaka lero.

aKamanga, 09:36
Imeneyo yankho lake n'losavuta: tsata za pakhomo pamene wafika. Python ili ndi PEP 8, chikalata cha kalembedwe ka code, yomwe imati ma space anayi. Kernel ya Linux imagwiritsa tab. A chiyankhulo cha Go anathetseratu nkhani, chida chawo cha gofmt chimakonza chokha ndipo chimaika tab. Makefile, fayilo ya malangizo omangira pulogalamu, ukaika space pamalo pa tab imakana. Mlendo sasintha kaphikidwe ka eni nyumba. Pa pulojekiti yanuyanu gwirizanani kamodzi, ikani chida chokonza chokha, nkhani yatha.

Koma pali mkangano wina wooneka waung'ono chonchi umene unagwetsa mtengo waukulu. Guido van Rossum anatulutsa Python mu 1991 ndipo kwa zaka zonsezo mawu omaliza anali ake. Mu 2018 kunabwera PEP 572 (PEP ndi chikalata cha ganizo lokhudza Python), yofuna kuwonjezera kachizindikiro ka := kamene kamakulola kusunga chinthu pa dzina mkati mwa chiganizo cha code. Zilembo ziwiri zokha. Anthu anakangana miyezi, mauthenga osawerengeka, ambiri akubwereza zimene ena ananena kale osawerenga n'komwe, ena akunyoza. PEP inavomerezedwa, koma pa 12 Julayi 2018 Guido anatula pansi udindo. Analemba kuti sakufunanso kudzamenyera nkhondo PEP mpaka pamenepo, n'kumaona anthu ambiri chonchi akunyansidwa ndi ziganizo zake. Sanasankhe wolowa m'malo. Anawasiyira kuti aone okha, ndipo mu 2019 anasankha komiti ya anthu asanu yoyendetsa Python. Kachizindikiro kaja kanalowa mu 3.8 ndipo lero amene akufuna amagwiritsa, amene sakufuna amasiya, dziko silinathe.

Ndiye mwano sumangotsika kuchokera kwa akuluakulu kupita kwa ophunzira. Umakweranso. Ngati mwini wake wa Python anatopa, kuli bwanji mwana wa miyezi iwiri.

NaPhiri, 09:50
Mfundo ya kubwerezayo ndi yofunika. Muno timachitanso. Munthu amalowa mkangano uli pa uthenga wa 200, osawerenga, n'kuyambiranso pachiyambi.

aMbewe, 10:24
Ndabwera. A Kamanga mwandikumbutsa nkhani imene ndimaidziwa bwino chifukwa inatigoneka pa ofesi pa Pasaka wa 2024, ndipo ndi imene imandipsetsa mtima ndikaona mauthenga olamula. Ndi ya xz.

xz ndi kapulogalamu kopanikiza mafayilo, kali pafupifupi mu Linux iliyonse. Kwa zaka zambiri ankakasamalira munthu mmodzi, Lasse Collin, pa nthawi yake yopuma, osalipidwa. Chakumapeto kwa 2021 kunatulukira wina wodzitcha Jia Tan, waulemu, wotumiza code yabwino, wosatopa. Mu 2022 kunabwera mayina ena, monga Jigar Kumar ndi Dennis Ens, n'kuyamba kumufinya Collin: ntchito ikuchedwa, iwe ulibenso chidwi, palibe chidzayende mpaka papezeke wosamalira wina. Collin anayankha kuti sanataye chidwi koma thanzi lake silili bwino, n'kuwakumbutsa kuti iyi ndi ntchito yongodzipereka. Sanamumvere chisoni, anapitiriza. Pang'onopang'ono anapereka makiyi kwa Jia Tan, ndipo pofika 2023 Jia Tan anali akutulutsa yekha ma version.

Mu Febuluwale ndi Malichi 2024, mu 5.6.0 ndi 5.6.1, Jia Tan anabisamo khomo lachinsinsi loti mwini kiyi inayake azilowa pa maseva kudzera pa SSH, njira yolowera pa seva uli kutali. Zinali zitalowa kale m'ma version oyesera a Debian ndi Fedora, mitundu ya Linux. Amene anatipulumutsa ndi Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft amene amagwira pa PostgreSQL, pulogalamu yosungira deta. Anaona kuti SSH ikudya mphamvu ya kompyuta mosayenera ndipo ikuchedwa ndi theka la sekondi, n'kukana kuzinyalanyaza. Analengeza pa 29 Malichi, Lachisanu Loyera. Ambiri amene anafufuza amakhulupirira kuti mayina ofinya aja anali mbali ya chiwembu chomwecho, chifukwa sanaonekenso kwina kulikonse.

Chimene chimandiopsa n'chakuti mauthenga aja anali poyera ndipo sanadabwitse aliyense. Kukalipira munthu wongodzipereka kunazolowereka moti wachiwembu anabisala m'menemo ngati njoka mu udzu. N'chifukwa chake ndikaona "ndithandizeni msanga", "bwanji simukuyankha", kapena munthu kundiimbira foni 11 koloko usiku chifukwa ndinamuyankha kamodzi muno, magazi amandiwira.

Koma ndawerenganso uthenga wa a Nasibeko. Munalibe "msanga". Munalibe kulamula. Anangoti ndithandizeni. Mkwiyo umene ndinasungira anthu ena ndinautula pa munthu wosalakwa, ndipo ndinautula pa iye chifukwa ndinadziwa kuti sangandibwezere. Kwa a Chisale sindikanayerekeza. Limenelo ndiye yankho la funso lanu, bambo.

aChisale (woyang'anira gulu), 10:31
Zikomo achimwene.

Nangozo, 10:33
Nkhani ya xz sindinkaidziwa. Ndiye kuti munthu waulemu uja ndi amene anali mbava?

aMbewe, 10:38
Eya, ndipo ndi chifukwa chake sindidzasiya kuunika code ya munthu chifukwa choti ndi waulemu, kapena wamkulu, kapena mnzanga. Apo ndiye sindisuntha. Mawu okoma si umboni woti code ndi yabwino.

aGondwe, 10:40
Pamenepo tili limodzi.

aZimba, 10:52
Pali chinanso chimene chayamba kundivuta. Munthu akafunsa, wina amathamanga kukopera funsolo mu ChatGPT n'kumata yankho lalitali muno ngati lake, iye osayesa n'komwe. Sabata yatha ndinataya madzulo onse ndikufunafuna function imene kulibe. Kwa ine zimenezi n'zoipa kuposa kundiuza kuti ndikafunse Google, chifukwa uyo wandiuza zoona kuti sandithandiza, pamene uyu wandisocheretsa akumwetulira.

aKamanga, 11:01
Stack Overflow inaletsa mayankho otere mu Disembala 2022 pa chifukwa chomwecho: amaoneka olondola, kulemba kwake n'kwa sekondi, koma kutsimikiza kwake kumadya nthawi ya munthu wodziwa. Daniel Stenberg wa curl, kapulogalamu kotumizira ndi kutengera deta pa intaneti, wakhala akudandaula za malipoti a mavuto opekedwa ndi makinawa amene amatopetsa anthu ake ochepa. Ine sindikuti tisagwiritse ntchito. Ndikuti ukamata, unene kumene wazitenga ndiponso ngati waziyendetsa pa kompyuta yako.

NaPhiri, 11:09
Ndipo chonde za ma voice note a mphindi zisanu ofotokoza error. Sitingakopere mawu a pakamwa, ndipo m'kalasi kapena mu minibasi sitingamvetsere.

aGondwe, 11:13
Apa ndiye ndikutsutsani aphunzitsi. Ena kulemba Chichewa chofotokoza code kumawavuta kuposa kulankhula, ndipo pa foni ya sikirini yosweka kulemba ndime n'chintchito. Tikaletsa mawu tatsekanso khomo lina. Error ilembedwe, inde, koma kufotokoza munthu alankhule ngati akufuna.

NaPhiri, 11:16
Sindikugwirizana nazo kwenikweni, chifukwa wobwera mawa sangafufuze zimene zinanenedwa pakamwa. Koma error ikalembedwa ndilolera.

aChisale (woyang'anira gulu), 11:30
Ndamva zonse. Maganizo anga anali oti tilembe malamulo a gulu n'kuwapachika pamwamba.

aMbewe, 11:34
Malamulo ataliatali ine ayi. Palibe amawerenga, ndipo amasanduka chibonga chomenyerana. Munthu ukamuuza kuti code yake ili ndi bowo azithamangira kwa a Chisale kuti wanyozedwa. Lembani kachitsanzo ka mmene tingafunsire, mizere inayi, kuti wobwera ndi chithunzi chosaoneka tizingomulozera pamenepo. Ndikhoza kulemba ndine.

aKamanga, 11:39
Ine ndikuona kuti mzere umodzi wa woyankha ukufunikanso, apo ayi katundu yense tamusenzetsanso wofunsa. Koma tingakambirane Loweruka.

aGondwe, 11:42
Muonjezerepo kuti asanajambule kapena kukopera, afufute ma pasiwedi ndi ma API key, makiyi achinsinsi a mapulogalamu. Ndaonapo kiyi ya malipiro a pa foni ili pa sikirini muno kawiri.

aChisale (woyang'anira gulu), 12:05
Za malamulo sitinagwirizane, zidikire Loweruka. A NaPhiri alankhula ndi a Nasibeko pa foni nthawi yopuma, ndipo avomera kubwerera. Ndawalowetsa.

aMbewe, 12:07
Achemwali a Nasibeko, ndine amene ndinalemba kuti musiye code. Ndinalemba ndisanawerenge funso lanu, ndipo mawuwo anali achipongwe. Pepani. Vuto lanu linali lenileni ndipo linatikolapo ambiri.

Nasibeko, 12:15
Zikomo achimwene, ndamva. Dzulo zinandiwawa kwambiri chifukwa ndinali nditalimbana nazo kuyambira masana magetsi asanathime, ndipo ndinafunsa nditasowa pogwira. Aphunzitsi andifotokozera za dzina la fayilo. Ndasintha kukhala masewera.py ndipo error ija yachoka.

aZimba, 12:18
Mufufutenso foda ya __pycache__ imene Python imadzipangira yokha, apo ayi izikumbukirabe fayilo yakale.

aMbewe, 12:21
A Zimba, zimenezo zinali za Python 2, pamene random.pyc inkatsala pambali pa fayilo n'kumawerengedwabe. Mu Python 3, zimene zili mu __pycache__ sizigwiritsidwa ntchito ngati fayilo ya .py yake palibe. Kufufuta sikulakwika koma sikofunika.

aZimba, 12:22
Sindinkadziwa, zikomo.

Nasibeko, 12:30
Tsopano yabwera ina ndikangolemba nambala. Ulendo uno ndakopera pamanja kuchokera pa laputopu. Python ndi 3.11. Mzere wake ndi if yankho > nambala: ndipo pansi palembedwa TypeError: '>' not supported between instances of 'str' and 'int'. Pamwamba ndinalemba yankho = input("Lota nambala: ").

aMbewe, 12:34
Funso ili lili ndi zonse zofunika. Ndisanakuuzeni, yesani nokha kaye, chifukwa muli pafupi. str ndi mawu, int ndi nambala yathunthu. Error ikuti singayerekeze ziwirizi kuti chachikulu n'chiti. Pa yankho ndi nambala, ndi chiti chimene mukuganiza kuti Python ikuchiona ngati mawu?

Nasibeko, 12:41
Ndi yankho? Chifukwa nambala yachokera ku randint. Koma ine ndinalemba 7, osati mawu.

aMbewe, 12:43
Ndi yankho ndithu. input imabweza mawu nthawi zonse, ngakhale mulembe 7 imabwera ngati chilembo "7". Ikulungeni mu int, chonchi: yankho = int(input("Lota nambala: ")).

Nasibeko, 12:52
Yayenda! Ndalota kachinayi ndapeza. Koma nanga mng'ono wanga akalemba chilembo m'malo mwa nambala chichitike n'chiyani?

aMbewe, 12:54
Lembani chilembo muone chimene ikunena, mukopere mzere womalizawo muike pano. Ndikulowa mu msonkhano, ndituluka cha m'ma 3 koloko. A Nangozo, ngati mwaidziwa ikabwera, yankhani inu ndisanabwere.

Nangozo, 12:58
Ndikuganiza kuti ndikuidziwa. Achemwali, tumizani tione.